Mchira wa Bora

Mlongo wanga Hirpo dzina la ulemu analipeza osatulutsa ndi thukuta lomwe. Kwathu kuno ku mapiri a Arsi, mwamuna akakhala ndi kavalo wooneka, anthu amasiya dzina lomwe anapatsidwa ndi amayi ake n'kuyamba kumutchula ndi dzina la kavaloyo. Tsono bambo athu pomwalira anamusiyira mwana wa kavalo wotuwa, dzina lake Bora, ndipo munthu amene dzulo lake tinkangoti “iwe Hirpo” anadzuka ali Abba Bora, ndiye kuti tate wake wa Bora. Tate! Ine Warite, mchemwali wake, amene ndinamubereka kumsana ali ndi mamina, ndikuuzeni: pa awiriwo, amene ankasunga mnzake anali kavalo.

Mawu amenewa musawatenge ngati nsanje. Hirpo anayesapo zambiri pa moyo wake, ndipo zonse ndinaziona ndi maso angawa. Anapachika ming'oma ya njuchi mu mtengo wa kuseri kwa nyumba, njuchi zinangolawa malowo n'kusamukira kwa anthu osamala. Anayamba malonda a anyezi, anyezi anamerera m'thumba iye akucheza pa msika. Munda wake wa barele unkadziwika patali ndi udzu, moti mlendo akafunsa njira anthu ankati, “Mukafika pa tchire la Abba Bora mukhotere kumanzere.” Chinthu chimodzi chokha chomwe Mulungu anamupatsa osamumana ndi kukhala pa chishalo. Akadzifunditsa nsalu yake yoyera ya thonje, n'kupendeketsa chipewa, n'kutukula chibwano, Bora akuvinavina pansi pake, ngakhale ine ndinkaima pa khomo kuyang'ana. Chikomekome cha mkuyu, koma ndinkayang'ana ndithu.

Mkazi anamupezanso choncho. Mlamu wanga Dureti amanena yekha tikamakazinga khofi: “Alamu, ine tsiku lija ndinayang'ana kavalo, ndinaiwala kuyang'ana wokwerapo.”

Ndipo kunena zoona, chomwe anthu ankayang'ana sichinali chibwano cha Hirpo. Unali mchira. Bora anali ndi mchira woyera mbee, wodzaza, wautali mpaka kufuna kusesa pansi, ndipo akathamanga unkauluka m'mbuyo mwake ngati mkaka ukukhutulidwa. Mchira umenewo unali ntchito ya Dureti. Ndiye ankautsuka ndi madzi ofunda, n'kuupesa ndi zala, kuchotsamo chisoso ndi minga. Ndiye ankamweta udzu, kupereka barele, kukokolola ndowe m'mawa uliwonse, pakuti Bora ankagona m'nyumba momwemo, kuseri kwa mpanda wa nsungwi, monga amagonera akavalo a kuno. Hirpo ntchito yake inali kukwera ndi kulandira moni.

Ndiye pali nyengo ija imene aliyense wosunga kavalo amaiopa. Mvula yaing'ono ikawaza, dzuwa n'kutuluka lokwiya, dambo la kumunsi kwa mudzi limatulutsa zimphanga. Si ntchentche za pa khonde zongonyambita m'maso zija ayi. Chimphanga chimatera mwakachetechete, n'kuboola chikopa ngati chisongole, chikamachoka magazi akutsika ndi mwendo. Pa bala lomwelo pamabwera tintchentche ting'onoting'ono kudzamaliza ntchito. Kavalo amene zamupeza sadya. Amangopondaponda, kupukusa mutu, kudzikhula ku mitengo mpaka chikopa kusupuka.

Zochita zake aliyense amazidziwa. Timatulutsa akavalo mbandakucha kuti akadye pa chitunda pomwe pamawomba mphepo, dzuwa likakwera n'kuwabweza, ena m'nyumba mu mdima, ena pa mthunzi pafupi ndi utsi. Utsiwo ndi wa ndowe zouma ndi masamba aawisi a bulugamu, wotsokomoletsa ndi nkhuku zomwe. Kumimba, m'makutu ndi pakati pa miyendo timapakamo batala wakale wosakaniza ndi phulusa ndi fodya. Pa mphumi timamangapo tizingwe tachikopa tolendewera kuti tizitchinga maso. Koma zonsezi n'zongothandizira. Mankhwala enieni kavalo anabadwa nawo kumbuyo kwake. Ndipo akavalo ali ndi nzeru imene anthu ena alibe: amaima awiriawiri, mutu wa uyu ku mchira wa uyo, aliyense n'kumaingira mnzake ntchentche kumaso. Bora mnzake anali Magala, kavalo wanga wamkazi wokalamba. Chiyambire Bora ali mwana, masana aliwonse otentha ankaima choncho pansi pa mtengo wa pakati pa nyumba zathu, atatsinzina, michira yokha ikugwira ntchito.

Tsono mumvetse za litchowa. M'mudzi mwathu muno litchowa la mchira wa kavalo silinyamulidwa ndi aliyense. Kavalo akafera m'manja mwako atakalamba, amuna amasonkhana, wamkulu amakupatsa mpeni, iwe mwini wake n'kudula mchira, thupi lisanakokedwe kupita kwa afisi. Ndiye litchowa lako limenelo. Munthu akaliona m'manja mwako amadziwa kuti uyu anasunga chamoyo mpaka mapeto ake, angathenso kusunga mawu. N'chifukwa chake akuluakulu otumidwa kukafunsira mbeta kapena kukayanjanitsa odana amakhala onyamula litchowa. Limabwera ndi imvi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma Hirpo kudekha anakuiwala m'mimba mwa amayi.

Chaka china, nyengo ya zimphanga itangoyamba, mnansi wathu wina anafuna kutumiza akuluakulu ku chigwa, kumunsi kotentha kuja, kukafunsira mbeta mwana wake wamwamuna. Anapempha Hirpo kuti apite nawo. Musaganize kuti ankafuna nzeru zake. Ankafuna kuti anthu a ku chigwa aone Bora, adziwe kuti mwana wawo akukwatiwa ku mudzi wa anthu olongosoka. Aliyense anamva choncho kupatula Hirpo. Iye anamva kuti wakhala mkulu. Anathamangira ku msika wa ku Bekoji n'kubwerako ndi litchowa logula, n'kukakhala nalo pa bwalo pomwe akuluakulu ankamwa khofi, akulikupiza ngati akuzimitsa moto wolusa.

A Jilo, mkulu wa onse pa bwalopo, nkhalamba ya diso limodzi koma loona za awiri, anatambasula dzanja.

“Tabwerekeni tione nawo, Abba Bora.”

Analinunkhiza, n'kuzulapo tsitsi limodzi, kuliyang'ana pa dzuwa, n'kupatsira woyandikana nawo.

“Pepani ndithu,” anatero a Jilo. “Uthenga wa maliro sunatifike. Inali ya mkaka kapena yolimira?”

Bwalo lonse linafa ndi phwete, pakuti unali mchira wa ng'ombe. Wina anayamba kulira ngati thole. Hirpo anafuna kuseka nawo koma milomo inakana.

“Ili mukapatse Dureti azikupizira moto,” anapitiriza a Jilo. “Lanu lilipo, mwana wanga, ndipo m'dera lino mulibe lofanana nalo. Koma likadali ndi mwini wake, likugwira ntchito. Dikirani.”

Munthu wa mutu wake akanamva mawu akuti dikirani. Mlongo wanga anangomva akuti lanu lilipo.

Tsiku la msika lotsatira, ine ndi Dureti tinapita kukagulitsa batala. Hirpo anati mutu ukumupweteka, atsala. Titangozimiririka pa chitunda, anatenga zenga lomwetera barele, zenga limene linali lisanalawepo thukuta la m'manja mwake, n'kulowa kuseri kwa mpanda wa nsungwi. Bora ankamudziwa, sanaponye ndi mwendo womwe. Fupa sanalikhudze ayi, pamenepo ndisamunamizire. Anangomweta tsitsi lonse kuyambira pamwamba, n'kusiya kachitsa kotuwa ngati chitsononkho. Zokolola zoyamba za mlongo wanga zinali zimenezo.

Pobwerako, Dureti ndiye anayamba kuona. Chikho chinamupulumuka m'manja.

“Mayo ine! Alamu, bwerani mudzaone! Adani atilowera m'nyumba!”

Pajatu kumeta mchira wa kavalo wa munthu ndi chipongwe chomwe amachita mdani amene waopa kukubaya ndi mkondo. Dureti anayamba kutchula mayina a onse amene Hirpo anakanganapo nawo. Ali mkati motchula, mdaniyo anatulukira kuseri kwa nyumba, nsalu yoyera pa phewa, m'manja muli litchowa loyera mbee, lomangidwa bwinobwino pa kamtengo ndi waya wa mkuwa.

“Mukukuwa chiyani ngati kwagwa maliro?” anatero. “Ubweya umamera.”

Dureti anafunsa motsitsa, “Umera liti, bambo? Zimphanga zidikira?”

“Ng'ombe yopanda mchira Mulungu ndiye amaiingira ntchentche.”

Apo ine ndinalowererapo.

“Asa! Iwe Hirpo, Mulungu umulembe ganyu pa mchira womwe wadula wekha? Anamupatsa mchira, ntchito yake anamaliza kalekale. Ukufuna asiye kugwetsa mvula azidzaima kumbuyo kwa kavalo wako?”

“Achemwali, izi n'za amuna.”

“Za amuna eti? Ndowe zake amakokolola ndi mwamuna uti? Bambo akanadziwa akanakusiyira mbuzi. Bwenzi lero uli tate wa mbuzi, ndevu unaimeta kale.”

Anandiinga ndi litchowa lija ngati ndine ntchentche, n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake anapita nalo ku bwalo wapansi, kuti anthu ayambe aona litchowa asanaone kavalo. Pa njira anakumana ndi amayi ena okalamba akuchokera ku chitsime. Ataona mchira woyera uja anatula mtsuko pansi n'kugwira pa chifuwa.

“Kalanga ine, Abba Bora, pepani! Wapita liti? Dzana lomweli ndinamuona akudya pa chitunda!”

“Ali moyo, mayi. Ali kunyumba.”

“Ali moyo?”

“Ee.”

“Nanga uwu ndi wa yani?”

Pofika ku bwalo n'kuti mudzi wonse utamupepesa maliro a kavalo wamoyo. A Jilo ataliona litchowalo sanapemphe kulinunkhiza. Anangoliyang'ana ndi diso lawo lija, n'kuika pansi kapu ya khofi osamaliza kumwa.

Masana a tsiku lomwelo ndinaona chinthu chimene mpaka lero chimandiwawa. Dzuwa litatentha, Bora anapita pansi pa mtengo uja monga mwa masiku onse, n'kuima pambali pa Magala, mutu ku mchira. Magala anayamba ntchito yake, kumaso kwa Bora osaterako kanthu. Nayenso Bora anayamba yake. Kachitsa kaja kankagwedezeka ndithu, uku ndi uku, mwakhama, koma kankangomenya mphepo. Zimphanga zinadzaza pa nkhope ya Magala. Anapirira tsiku limenelo, mawa lakenso anapirira. Kenako anapukusa mutu, n'kuchoka, n'kukaima ndi bulu wa a Jilo, bulu wa mchira ngati chingwe chotha. Sindimuimba mlandu. Bora anatsala yekha pansi pa mtengo, akugwedezabe kachitsa kake, akucheukacheuka kuyang'ana kumbuyo ngati akufunsa kuti chalakwika n'chiyani.

Tsiku la ulendo litafika, Dureti anagwada pa khomo.

“Bambo, ku chigwa ndiye kwawo kwa zimphanga. Musapite naye. Mulekeni agone mu utsi muno, inu bwerekani wina.”

“Abba Bora akwere wobwereka? Ukufuna anthu andiseke?”

Kuopa kusekedwa kumeneko, munthu amene anali kale ndiwo za pa chitsime! Dureti ataona kuti palibe chomwe angachite, anapaka Bora batala thupi lonse mpaka kunyezimira, n'kung'amba chiguduli, kumangirira zingwezingwe zake ku kachitsa kaja kuti pakhale ndi chomenyera. Chinkagwira ntchito ndithu, ndinaona chimphanga chimodzi chikugwa. Hirpo atafika pa chipata anatsika, n'kumasula chiguduli chija, kuchitaya pa tchire. Ati chikumuchotsera ulemu.

Za ku chigwa anandiuza a Jilo eni ake. Mwambo mumaudziwa: eni mbeta satulukira msanga, amakusiyani kunja kwa mpanda muyambe mwapsa, aone ngati muli ndi mtima wautali. Akuluakulu anakhala pansi pa mtengo, akavalo anamangidwa pafupi ndi khola la ng'ombe, kufupi ndi mtsinje. Batala uja anasungunuka dzuwa lisanafike pa liwombo. Akavalo enawo michira inali pa ntchito. Bora anayamba kuvina, koma sikunali kuvina kwa pa ukwati kuja. Ankaponda pansi, kudziluma m'nthiti, kukoka chingwe mpaka kukamwa kutuluka thovu lofiira, magazi akutsika m'ntchafu mizeremizere. Ndipo pa mthunzi pomwepo, moonana naye maso ndi maso, panakhala tate wake, miyendo ili pinga, akudziingira tintchentche ta pa mphuno ndi mchira wa Bora.

A Jilo akuti anamunong'oneza, “Mwana wanga, pitani mukamubwereke mchira wake pang'ono.”

Iye anati, “Mkulu sadzuka nkhani isanayambe.”

Bambo wa mtsikana potuluka sanayambe ndi moni. Anaima, kuyang'ana kavalo, kuyang'ana litchowa, kuyang'ananso kavalo.

“Kavalo uyu mwini wake ali pano?”

Hirpo anaimirira, n'kukonza nsalu pa phewa. “Ndine, Abba Bora.”

“Oo. Ndiye inu mwabwera kudzandilonjeza kuti mwana wanga mukamusunga bwino?”

Pamapeto pake bambo uja anati alendo enawo alowe, nkhani ikambidwe, koma uyu atsale kunja ayang'anire ziweto. Ukwati unatheka, musadandaule, a Jilo anaukonza ndi pakamwa pawo. Hirpo pobwerera ankauza anthu kuti anatsala panja chifukwa m'nyumbamo munkatentha.

Bora anafika kunyumba miyendo ya kumbuyo itatupa, kumimba kuli zilonda zokhazokha. Pasanapite nthawi thupi linayamba kutentha, pamwamba pa maso panatupa, barele ankangomununkhiza n'kutembenuka. Dokotala wa ziweto anabwera, anamubaya jakisoni, anati ndi matenda obwera ndi zoluma za ku chigwa, tiyese kumuteteza kuti zisamuwonjezere mabala. Poona kachitsa kaja anayang'ana Hirpo, n'kukwera njinga yake.

Dureti ndiye sanapume. Batala yense wogulitsa anathera pa zilonda za Bora. M'nyumba munali utsi wokhawokha, maso a tonse ali psuu. Koma kavalo wodwala sangakhale mu utsi tsiku lonse, ankabanika, ndipo akangomutulutsa pa mthunzi zimphanga zinkabwera ngati zaitanidwa ndi ng'oma. Tsiku lina ndinamva Dureti akupempha.

“Bambo, ndipatseni litchowalo ndimumangirire. Ndi wake womwe. Akachira mudzatenganso.”

“Linunkhe ndowe? Loweruka kuli mlandu wa malire, ndikanyamula chiyani?”

Ku mlandu umenewo palibe anamuitana. Ine ndinatuluka panja kukalavula, chifukwa ndikanakhala momwemo ndikanamutema ndi zenga lija.

Mukuganiza kuti chinamutembenuza ndi chisoni? Ayi. Loweruka lomwelo akudutsa pa msika, wogulitsa mchere wina anakuwa, “Hirpo! Iwe Hirpo, wagwetsa chipewa!” Mlongo wanga anacheuka kuyang'ana kumbuyo kuti aone Hirpo wake ndi uti. Dzinalo anali atalisiya kalekale, ankangolimva kwa ine. Kenako wina anamutchulanso choncho, ndi winanso. Anthu anali atawerengera kale kuti kavalo uja sadzukanso, ndipo palibe tate wa chinthu chomwe kulibe. Apo m'pamene zinamulowa m'mutu kuti Bora akafa, Abba Bora afera limodzi, patsala mwini tchire uja wa anyezi omera.

Anabwera kunyumba chothamanga, nsalu ikukwekwereka m'fumbi.

“Dureti! Kavalo uyu wadya?”

“Lero mwamukumbuka?”

“Mmangirire mchirawu, fulumira!”

Koma nthawi imeneyo kachitsa kaja kanali chilonda chokhachokha, kosamangika kanthu, ndipo Bora analibenso mphamvu yokagwedeza. Dureti anangotenga mpando wa miyendo itatu uja wokamira ng'ombe, n'kuuika kumbuyo kwa kavalo pansi pa mtengo.

“Khalani apa. Muziinga nokha.”

Anakhala. Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likangotuluka Hirpo anali pa mpando uja, kumbuyo kwa Bora, litchowa likupita uku ndi uku. Poyamba ankakupiza ngati mkulu, ndi dzanja lokha, chibwano chili m'mwamba. Zimphanga sizidziwa ulemu, zinamuluma m'khosi ndi m'miyendo, nsalu yoyera inadzaza madontho a magazi, mpaka anaivula n'kuikoleka mu mtengo. Anaphunzira kumenya cha m'munsi, kumimba, komwe zimakonda. Anaphunzira kusintha mkono wina ukatopa. Chakudya ankadyera pomwepo, ndi dzanja limodzi.

Ndiye tsiku lina masana ndinaona Magala akuchoka kwa bulu uja. Anabwera pang'onopang'ono, n'kununkhiza Bora, n'kutembenuka, kuima pa malo ake akale, mutu ku mchira. Nkhope yake inafika pomwe panali Hirpo, ndipo litchowa pobwerera linkamusesa kumaso monga kale. Magala anatsinzina, mchira wake n'kuyamba ntchito kumaso kwa Bora. Anaima choncho atatuwo, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere ku chigwa Bora anagona tulo ataimirira.

Amayi opita ku chitsime anaima pa njira, mitsuko ili pa misana.

“Taonani anzanga, Bora mchira wamera!”

“Wamera ndi chipewa chomwe!”

“Mwaswera bwanji, a Mchira wa Bora?”

Hirpo sanayankhe, ndiponso sanasiye kukupiza. Ndinamuyang'anitsitsa ndili pa khomo langa. Misozi inali kutsika, ikudutsa m'mabala a zimphanga. Kaya ankalira kavalo, kaya ankalira dzina, mufunseni yekha. Ine ndinamuda tsiku limenelo, ndipo ndinamumveranso chisoni, zomwe zinandipsetsa mtima kwambiri. Pa moyo wake wonse, ntchito yomwe mlongo wanga anaigwira bwino, osaithawa, inali yokhala mchira.

Koma matenda anali atalowa kale mkati. Bora anayamba kugwada, kumudzutsa n'kugwanso. Tsiku lomaliza anagona cham'mbali pansi pa mtengo womwewo, kupuma kukumveka mpaka kwathu, Hirpo akukupizabe. Anafa masana, dzuwa lili pa liwombo. Magala anaimabe pomwepo, mchira ukugwira ntchito pa nkhope yomwe sinkamvanso kanthu, mpaka ndinachita kumukoka.

Amuna anasonkhana ndi zingwe zokokera thupi. A Jilo anabwera ndi ndodo yawo, ndipo ndikhulupirireni, sanabwere kudzaseka. Mwambo ndi mwambo. Anasolola mpeni m'chimake, kuugwira kunsonga, n'kupereka chogwirira kwa mwini kavalo monga amachitira kwa aliyense. Hirpo anaulandira ndi dzanja lamanja, lamanzere lili ndi litchowa lija, lomwe tsopano linali lofiirira ndi magazi, lothothoka, lonunkha ndowe ndithu. Anagwada kumbuyo kwa Bora. Anaika litchowa pansi, n'kutukula kachitsa kaja.

M'mbali mwa chilonda munali titsitsi toyera, tatifupi ngati ndevu za munthu amene wachedwa kumeta. Amuna onse anayang'ana pansi. Dureti anali ataima pambali pa ine, manja ali pa msana, ndipo anayankhula mosakweza mawu n'komwe.

“Munanena zoona, bambo. Wayamba kumera.”

Mpeni uja unabwerera kwa a Jilo osadula kanthu.

Zaka zapita, Hirpo tsopano imvi zili mbuu, ndipo kavalo wina sanakhalenso naye. Amapita ku msika wapansi, manja ali opanda kanthu. Anthu a kuno ndi aulemu, samudutsa osamupatsa moni. Akulu ndi ana omwe, ena oti Bora sanamuonepo n'komwe, amaima pambali pa njira n'kuwerama pang'ono.

“Mwadzuka bwanji, a Mchira wa Bora?”

Ndipo amayankha.